Malaibulale a mu Mzinda wa Zomba: Mbiri ya Mabuku ndi Anthu Amene Ankaloledwa Kuwawerenga

Mzinda wa Zomba, umene pa kalembera wa chaka cha 2018 udapezeka ndi anthu 105,013, ndi waung'ono pa mizinda yonse inayi ya dziko la Malawi, komabe ndi kovuta kupeza malo ena m'dziko muno amene asunga mabuku ndi zikalata zonena za Malawi zochuluka ngati zimene zili m'tsinde mwa phiri la Zomba. Mumzindawu muli mitundu itatu ya nyumba za mabuku imene ntchito zake zimasiyana. Pali laibulale ya anthu onse, ndiko kunena nyumba imene munthu aliyense angalowemo kukawerenga kapena kukabwereka buku posayang'ana ntchito yake kapena sukulu imene adafika; pali laibulale ya koleji, imene imagula ndi kusanja mabuku motsata maphunziro a ophunzira ndi aphunzitsi ake; ndipo pali laibulale ya National Archives, nthambi ya boma yosunga zikalata zakale, imene udindo wake ndi kusunga osati kubwereketsa. Mbiri ya nyumba zimenezi ikalondoledwa kuchokera pachiyambi imaonetsa kuti mabuku adabwera ku Zomba potsata maofesi a boma, mipingo ndi sukulu, ndipo munthu wamba wokhala ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino ndiye adakumbukiridwa pomalizira.

Chiyambi chake ndi chaka cha 1891, pamene Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, adakhazika likulu lake ku Zomba m'dziko limene posakhalitsa lidatchedwa British Central Africa, ndipo mu 1907 lidapatsidwa dzina loti Nyasaland. Blantyre udakula monga mzinda wa amalonda ndi amishoni, pomwe Zomba udakula monga mzinda wa mapepala, chifukwa ulamuliro wa atsamunda unkayenda ndi makalata, malipoti, malamulo ndi mabuku a msonkho. Makina osindikizira a boma adaikidwa komweko, ndipo kuyambira mu 1894 ankatulutsa British Central Africa Gazette, nyuzipepala yolengezeramo malamulo ndi zidziwitso za boma. Nthambi zoona zaulimi, zankhalango, zamiyala ndi zachipatala zidayamba kusonkhanitsa mabuku ndi magazini a ntchito zawo, ndipo mashelefu amenewa ndiwo adali malaibulale oyamba a mzindawu, ngakhale kuti adali a mabwana a m'maofesimo okha. Mabuku owerenga pocheza ankapezeka m'nyumba za azungu ndi m'makalabu awo, kumene munthu wakuda ankalowa ngati wantchito basi.

Anthu akuda odziwa kuwerenga sadali osowa mumzindamo, pakuti maofesi adadalira makalaliki, omasulira ndi osindikiza amene adaphunzira ku Blantyre Mission, ku Livingstonia ndi ku Domasi, kumene mpingo wa Church of Scotland udatsegula mishoni mu 1884. Anthuwa ankatayipa, kusanja ndi kunyamula mapepala a boma tsiku lonse, koma akaweruka mabuku amene ankawapeza kunyumba adali a kutchalitchi ndi a kusukulu: katekisimu, buku la nyimbo, mabuku ophunzirira kuwerenga, ndiponso, kuyambira mu 1922, Buku Lopatulika lathunthu m'Chinyanja. Sikoyenera kupeputsa ntchito ya mabuku amenewa, chifukwa ndi amene adazika chizolowezi chowerenga mokweza pabanja ndi chobwerekana buku mpaka chikuto chitathothoka, koma munthu wofuna kudziwa za malamulo a malo, za mbiri ya mayiko ena kapena za sayansi adalibe khomo loti agogodepo.

Boma silidaleke kumanga laibulale ya anthu onse chifukwa cha umphawi wokha. John Chilembwe, amene adaphunzira ku Lynchburg m'dziko la America, atatsogolera kuukira kwa mu Januwale 1915 kuchokera ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, azungu ambiri a minda adauza bungwe lofufuza za nkhondoyo kuti gwero la mavuto lidali maphunziro amene amishoni ankapereka kwa anthu akuda. Kuyambira pamenepo munthu wakuda wowerenga zinthu zochokera kunja ankayang'anidwa ndi diso lokayikira, ndipo maganizo oti boma limange nyumba yoti aliyense awerengemo chimene wafuna sakadapeza owathandiza. Patangopita zaka zinayi, mu 1919, moto udatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba ndi kuwononga zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, kotero kuti olemba mbiri ya nthawiyo mpaka lero amadalira makalata amene adatumizidwa ku London, zolemba za amishoni ndi zokumbukira za akuluakulu a m'midzi.

Ngakhale zidali choncho, njala ya kuwerenga idakulirakulira pakati pa ogwira ntchito m'boma. Levi Mumba, amene adagwira ntchito ku Zomba ndipo mu 1944 adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress, adali mmodzi wa anthu amene ankawerenga Gazette ndi malipoti a boma mosamala n'kumalemba madandaulo a anthu awo m'Chingerezi cha m'maofesi momwemo. Mu 1929 ku Domasi kudatsegulidwa Jeanes Training Centre, sukulu yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo, mothandizidwa ndi bungwe la ku America la Carnegie Corporation, ndipo mu 1942 kudatsegulidwa Zomba Catholic Secondary School, imodzi mwa sekondale ziwiri zoyambirira m'dziko muno. Mabuku a Chinyanja olembedwa ndi eni chilankhulo adayambanso kuoneka, monga Nthondo la Samuel Josiah Nthara la mu 1933, ndipo mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland adakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku a zilankhulo za anthu akuda. Owerenga adalipo, mabuku adayamba kupezeka, koma nyumba yowakumaniza idalibe mwini. Kumwera kwa Zambezi, Bulawayo udali ndi laibulale kuyambira mu 1896 ndipo Salisbury kuyambira mu 1902, ngakhale kuti nazonso zidali za azungu olipira ndalama za umembala, ndipo lipoti la Douglas Varley la mu 1951, limene lidaunika malaibulale a m'mayiko a Rhodesia ndi Nyasaland, silidabale laibulale ya anthu onse ku likulu la Nyasaland. Chimene chidalipo chofanana nayo chidali laibulale ya British Council ku Blantyre.

Nyumba yoyamba yosunga mabuku a dziko lonse mwadongosolo idafika ku Zomba mu 1947, pamene kudatsegulidwa nthambi ya Central African Archives, bungwe limene likulu lake lidali ku Salisbury, mzinda umene lero umatchedwa Harare. Mphamvu ya nyumbayi ili mu lamulo lokakamiza wosindikiza aliyense m'dziko muno kupereka kope la buku, nyuzipepala kapena magazini imene watulutsa, kuti chilichonse chosindikizidwa chikhale ndi malo amodzi kumene sichingasowe. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, zikalata zambiri zakale zidatengedwa kupita ku Salisbury, njira yomwe amuna zikwizikwi a kuno ankadzera pokafuna ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Zikalatazo zidabwezedwa chitaganya chitatha ndipo mu 1964 National Archives of Malawi idaima payokha, koma ambiri mwa amuna aja adasanduka matchona, ndipo zidzukulu zawo za kumeneko, ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Chitungwiza, zikafuna kudziwa za mafumu ndi midzi imene makolo awo adachokera, mabuku a maboma amene adalemba zimenezo ali ku Zomba. Laibulale ya National Archives ndi chuma cha mtundu wonse, koma mwa chikhalidwe chake sibwereketsa buku kupita nalo kunyumba, ndipo mwana wa sukulu wofuna buku la masamu sangathandizike nayo.

Ufulu wa 1964 udabweretsa mabungwe awiri amene adasintha nkhope ya nkhaniyi. Loyamba ndi National Library Service, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967 ndi kuyamba ntchito mu 1968 ku Blantyre, ndipo pambuyo pake lidasamutsira likulu lake ku Lilongwe. Aka kadali koyamba kuti boma livomere kuti kubwereketsa mabuku kwa munthu aliyense ndi udindo wake, ndipo popeza nyumba zidali zochepa, bungweli lidagwiritsa ntchito njira zotsika mtengo, monga kutumiza mabokosi a mabuku ku sukulu ndi ku malo ena a m'maboma kuti azisinthidwa pakapita nthawi, komanso kubwereketsa mabuku kudzera pa positi kwa anthu okhala kutali. Zomba idadzalandira nthambi yake ya bungweli, ndipo imeneyi ndiyo nyumba imene idakhazikitsidwa ndi cholinga chotumikira munthu chifukwa chakuti ndi munthu wokhala pamalopo.

Bungwe lachiwiri ndi University of Malawi, imene idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre. Mu 1973 Chancellor College idasamukira ku Chirunga mu Zomba itaphatikizidwa ndi Soche Hill College, imene inkaphunzitsa aphunzitsi, ndi Institute of Public Administration ya ku Mpemba, imene inkaphunzitsa zamalamulo ndi kayendetsedwe ka boma, ndipo mabuku a sukulu zitatuzi adakalowa m'nyumba imodzi. Patapita zaka ziwiri, mu 1975, likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe, kotero kuti Zomba idataya maunduna n'kutsala ndi koleji, Nyumba ya Malamulo imene idapitiriza kukumana komweko mpaka 1994, ndi nthambi zodalira mapepala monga National Statistical Office, Geological Survey, Forestry Research Institute of Malawi ndi Government Press. Mu 1977 kudatsegulidwanso Zomba Theological College ndi St Peter's Major Seminary, sukulu za ubusa ndi unsembe zimene zili ndi malaibulale awoawo. Mzinda umene udali wa mabwanamkubwa udasanduka wa aphunzitsi ndi ophunzira, ndipo chiwerengero cha mabuku chidakwera kuposa kale lonse.

Chuma chenicheni cha laibulale ya Chancellor College ndi chigawo chotchedwa Malawiana, mmene mumasungidwa mabuku, malipoti, mapepala a pamisonkhano ndi zofufuza za ophunzira zonena za Malawi. Zambiri mwa zolembazi sizidasindikizidwe kwina kulikonse. M'zaka za m'ma 1970 dipatimenti ya mbiri yakale, mmene mudadutsa akatswiri monga Bridglal Pachai, Kings Phiri ndi Owen Kalinga, inkatuma ophunzira kumidzi kukafunsa akuluakulu za mafuko, maufumu, nkhondo, malonda a akapolo ndi thangata, ndipo zimene adamva zidalembedwa m'mapepala amene adasungidwa kukolejiko. Akatswiri a sayansi nawo adafufuza za nyanja ya Chilwa, nsomba zake ndi kuphwa kwake. Apa ndi pamene mtima wa nkhaniyi uli: nzeru zina za m'chigawocho zidachokera m'kamwa mwa Ayao, Amang'anja ndi Alomwe a m'midzi yozungulira Zomba, zidamasuliridwa m'Chingerezi, n'kuikidwa pa shelefu imene adzukulu a anthu omwewo safikapo pokhapokha atasankhidwa kupita kuyunivesite. Palibe amene adakonza zimenezi ndi mtima woipa, popeza laibulale ya koleji imayenera kuyamba yasamala ophunzira ake, amene nawonso amalimbirana makope ochepa a mabuku ofunika mpaka kumawabwereka kwa maola owerengeka okha, ndipo munthu wakunja amalowa atapempha chilolezo. Komabe zotsatira zake n'zakuti anthu a ku Chikanda, amene nyumba zawo zachita malire ndi koleji ndipo amachititsa lendi ophunzira ake, akhala ngati mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje umene ulibe potungira madzi.

Mpanda wa khungu utagwa, mpanda wa ndale udamangidwa pamalo pake. Mu 1968, chaka chomwe National Library Service idayamba ntchito, Nyumba ya Malamulo ku Zomba idavomereza Censorship and Control of Entertainments Act, lamulo limene lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, makanema ndi masewero ndi kulipatsa mphamvu yoletsa chilichonse chimene lidachiona chosayenera. M'zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka zoyambirira bungweli lidaletsa mabuku oposa 840, ndipo mayina a mabuku oletsedwawo ankalengezedwa mu Gazette yosindikizidwa mumzinda womwewo. Mwa oletsedwawo mudali mabuku a Amalawi amene ankakhala kunja kwa dziko, monga David Rubadiri ndi Legson Kayira, komanso buku la Philip Short lonena za moyo wa Dr Hastings Kamuzu Banda. Woyang'anira laibulale, amene ntchito yake ndi kufikitsa buku kwa wowerenga, adapatsidwa ntchito yosemphana nayo, yochotsa buku pa shelefu ndi kulitsekera, ndipo kulakwitsa pa zimenezi kukadatha kumutayitsa ntchito kapena ufulu. Ofufuza ku National Archives ankayenera kupeza chilolezo cha boma asanaone zikalata, ndipo mitu yokhudza ndale za 1964, pamene nduna zingapo zidasemphana ndi Dr Banda, inkapewedwa.

Nkhani ya Jack Mapanje ikuonetsa kufupika kwa mtunda pakati pa laibulale ndi ndende mu Zomba wa masiku amenewo. Mapanje adali mmodzi wa oyambitsa Writers Group, gulu la alembi limene lidayamba mu 1970 ndi kusamukira ku Zomba pamodzi ndi koleji, mmene mudakulira alembi monga Steve Chimombo, Frank Chipasula ndi Anthony Nazombe. Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lidatuluka ku London mu 1981, ndipo mu 1985 lidachotsedwa m'masitolo, m'sukulu ndi m'malaibulale ngakhale kuti silidaikidwe pa mndandanda wa mabuku oletsedwa. Pa 25 Seputembala 1987 apolisi adamugwira ku Zomba Gymkhana Club, ali mkulu wa dipatimenti yake ku Chancellor College, ndipo adamusunga ku ndende ya Mikuyu, kunja pang'ono kwa mzindawo, popanda kumuzenga mlandu mpaka mu Meyi 1991. Choipa chachikulu cha nthawiyi sichidali chiwerengero cha mabuku otsekeredwa chokha, koma mantha amene adaphunzitsa anthu wamba kuti buku losakhala la kusukulu kapena la kutchalitchi likhoza kuitana tsoka, ndipo mantha otere amachedwa kuchoka ngakhale lamulo litafewa.

Mpanda wachitatu, umene udakalipo, ndi wa chilankhulo. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1968 udalamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo mu 1972 kudakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe kake. Alembi monga John Gwengwe, Ezra Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani adalemba mabuku amene anthu adawakonda, koma chiwerengero chawo chidali chochepa poyerekeza ndi mabuku a Chingerezi amene adadzaza mashelefu, pomwe Chiyao ndi Chilomwe, zilankhulo za anthu ambiri a m'boma la Zomba, sizidapatsidwe malo m'sukulu kapena m'mabuku a boma. Popeza ndalama zogulira mabuku zidali zochepa, malaibulale adadalira kwambiri mphatso zochokera kunja, makamaka kwa Ranfurly Library Service, bungwe la ku Britain limene lidayamba mu 1954 ndipo mu 1994 lidasintha dzina kukhala Book Aid International. Mphatsozi zidapulumutsa malaibulale ambiri, ndipo n'kulakwa kuzinyoza, koma buku lolembedwera mwana wa ku London silingayankhe funso la mlimi wa mpunga wa ku Likangala kapena la mayi wogulitsa matemba mumsika wa Zomba. National Library Service idazindikira vutoli ndipo, mothandizidwa ndi bungwe la ku Canada la CODE, idayamba kusindikiza yokha mabuku a ana otchedwa Werengani, olembedwa ndi kujambulidwa ndi Amalawi. Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo ili ku Zomba, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000.

Kusintha kwa ndale kudayamba ndi chinthu chowerengedwa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse, boma lidalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo ophunzira a ku Chancellor College adaguba kuikira kumbuyo maepiskopiwo mpaka koleji idatsekedwa. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 1994 zitadutsa, mabuku otsekeredwa adabwerera poyera, nyuzipepala zidachuluka, ndipo dipatimenti ya zaumulungu ndi zipembedzo ku Chancellor College idayamba kusindikiza mabuku a Kachere, amene adatulutsa zofufuza zambiri zonena za mipingo, miyambo ndi ndale za Malawi pa mtengo woti Mmalawi angakwanitse. Koma ufulu wowerenga udafika pamodzi ndi kusowa kwa ndalama zogulira zowerengazo. Kwacha itasiyidwa kuti mtengo wake uziyenda ndi msika mu Febuluwale 1994, mabuku ndi magazini a akatswiri ochokera kunja adakwera mtengo kwambiri, ndipo malaibulale a koleji adasiya kulembetsa magazini ambiri amene ankalandira.

Chaka chomwecho boma lidachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sukulu zophunzira patali zidasandutsidwa masekondale oyendera a m'madera, ambiri mwa iwo opanda laibulale ndiponso opanda mabuku okwanira kalasi. Izi zidasintha ntchito ya laibulale ya anthu onse m'mizinda yonse ya Malawi, Zomba pamodzi. Amene amadzaza mipando ndi ana a sukulu okonzekera mayeso a MSCE, anthu obwereza mayesowo ndi ogwira ntchito amene akuphunzira paokha, ndipo ambiri amabwera ndi makope awo kudzafuna tebulo, kuwala ndi bata zimene sangazipeze m'nyumba ya chipinda chimodzi. Ena amadandaula kuti kumeneku si kuwerenga kwenikweni chifukwa n'kongofuna kukhoza mayeso, koma dandaulolo limaiwala kuti kwa mwana wa m'banja losauka malo abata ndi thandizo lenileni, ndipo mwana amene wazolowera kulowa m'nyumba ya mabuku chifukwa cha mayeso ndi yemwe angatambasule dzanja n'kutenga buku lina pa shelefu. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale ya kwawo, ndipo zithunzi zake zidamuthandiza kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chidathandiza pamenepo si kukula kwa nyumbayo koma kuyandikira kwake ndi kutseguka kwa chitseko chake kwa mwana amene sadalinso pasukulu.

Ntchito yosamala laibulale ndi luso lofuna maphunziro, pakuti buku lililonse limayenera kulembedwa m'kaundula, kupatsidwa nambala yosonyeza mutu wake ndi kuikidwa pamalo pamene wofuna angalipeze, ndipo buku loikidwa pa shelefu yolakwika ndi lotayika ngakhale lili m'nyumba momwemo. Kwa zaka zambiri Amalawi ankaphunzira lusoli kunja, makamaka ku Britain ndi ku Botswana. Malawi Library Association, imene idakhazikitsidwa mu 1976, idayamba kuphunzitsa othandizira m'malaibulale, ndipo pambuyo pake Mzuzu University idatsegula maphunziro a digiri a ntchitoyi.

Makompyuta adafika ku Zomba msanga kuposa mmene ambiri amaganizira, popeza njira yoyamba yotumizira makalata a pakompyuta m'dziko muno idayambira ku Chancellor College chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, motsogozedwa ndi Paulos Nyirenda wa dipatimenti ya fizikisi. Mu 2003 malaibulale adapanga mgwirizano wotchedwa MALICO kuti azisonkha ndalama n'kulipira pamodzi magazini a akatswiri opezeka pa intaneti, ndipo njirayi idabwezera aphunzitsi ndi ophunzira zambiri zimene adataya kwacha itagwa. Komabe mapangano a makampani ogulitsa magaziniwo amalola anthu olembetsedwa pa bungwe lolipira, kotero kuti namwino, mphunzitsi wa pulayimale kapena mlangizi wa zaulimi wokhala mumzinda womwewo amatsalanso kunja. Lamya za m'manja zafikitsa nkhani ndi mauthenga kwa anthu ambiri, koma mtengo wa intaneti ndi kuthimathima kwa magetsi zimachititsa kuti kuwerenga buku lathunthu pa lamya kukhale kwa ochepa.

Palinso ngozi imene mzinda wosunga zolemba zopanda makope ena uyenera kuikumbukira. Pa 18 Disembala 2015 moto udatentha laibulale ya Mzuzu University ndi kupsereza mabuku pafupifupi 45,000, pamodzi ndi zolemba za Malawi zimene zina sizidzapezekanso. Zomba idaonapo zotere mu 1919, ndipo mapepala a m'chigawo cha Malawiana ndi a ku National Archives, amene ena adatayipidwa pa mapepala opyapyala zaka makumi asanu zapitazo, ali pa chiopsezo cha moto, chinyontho, chiswe ndi kufufutika kwa inki. Kujambula zolembazi ndi kuzisunga pa kompyuta kumateteza ndiponso kumatsegula chitseko nthawi imodzi, chifukwa pepala lojambulidwa lingawerengedwe ku Matawale, ku Jali kapena ku Harare popanda kuchoka pa shelefu yake.

Mu 2021 makoleji a University of Malawi adapatukana, ndipo dzina la yunivesiteyo lidatsalira sukulu ya ku Chirunga, kotero kuti Zomba tsopano ili ndi yunivesite yathunthu imene tsogolo lake lamangirirana ndi la mzindawo.  Zikayikidwa pamodzi zaka zonse kuchokera mu 1891, chiweruzo chake n'chakuti Zomba yachita bwino pa kusonkhanitsa ndi kusunga mabuku koma yalephera kuwagawira eni mzinda, ndipo nyumba imene idapatsidwa ntchito yogawayo ndiyo yakhala yochepa mphamvu pa zonse. Khonsolo ya mzinda wa Zomba, University of Malawi, National Archives ndi National Library Service ayenera kukhala pansi n'kupangana za khadi limodzi lolola munthu wokhala mumzindamo kuwerenga m'nyumba zonsezi pa masiku oikika, makamaka nthawi ya tchuthi pamene mipando ya kukoleji ilibe anthu, za zipinda zowerengeramo ku Chinamwali, ku Sadzi ndi ku Chikanda, ndi za kumasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao mbiri zimene makolo a m'midzi ya Zomba adafotokozera ophunzira a Chancellor College m'zaka za m'ma 1970.